Uthenga wa zaumoyo pa nthawi ya mliri ndi ngozi: mafunso amene anthu a mu Blantyre amatifunsa

Mafunso awa tawatola pa misonkhano ya makomiti a zaumoyo, pa maphunziro a alangizi atsopano, komanso kwa anthu amene amatiimitsa pakhonde la chipatala kabuku kali m'manja. Ife oyankha timagwira ntchito ya ziwerengero ndi kulondoloza matenda kuno ku Blantyre. Mafunso oyamba ndi a aliyense. A kumapeto akukhudza kwambiri ogwira ntchito, mafumu ndi a m'makomiti.

Mukamati "kulumikiza uthenga wa zaumoyo" mumatanthauza chiyani?

Tiyerekeze chonchi. Lolemba m'mawa, mayi wa ku Ndirande wafika pa chipatala chakwawo akutsegula m'mimba, chimbudzi chake chili ngati madzi otsukira mpunga. Masana, mnyamata wa dera lomwelo amene amagulitsa kaunjika mu Limbe wagwa pamsika, anzake amuthamangitsira ku chipatala cha Limbe. Usiku, mwana wa nyumba yoyandikana nawo wafika ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ali lefu. Aliyense walembedwa m'kaundula wa komwe wafikira. Pa chipatala chilichonse ndi wodwala mmodzi basi, ndipo palibe amene angadzidzimuke ndi wodwala mmodzi. Koma mayina atatuwa akakumana pa tsamba limodzi tsiku lomwelo, wina adzafunsa kuti anthuwa amatunga kuti madzi, ndipo Lachiwiri m'mawa klorini akhala atafika pa chitsimecho.

Kulumikiza ndi kumeneko. Ndi kukonza kuti makaundula ndi makompyuta a zipatala, a labotale, a kosungira mankhwala, a zanyengo ndi a oona za ngozi azipatsana uthenga msanga, mawu ake akhale oti onse amve chimodzimodzi, ndipo ufike kwa munthu amene angachitepo kanthu. Sikugula kompyuta imodzi yaikulu yoti imeze zonse.

Uthengawo umayambira pati, nanga umadutsa kuti?

Umayambira pa cholembera. Mlangizi wa zaumoyo, amene ambiri timamutchula kuti HSA, amalemba ana amene wawaona pa kiliniki ya m'mudzi ndi zimene wapeza poyendera makomo. Pa chipatala chaching'ono pali makaundula osiyanasiyana: wa odwala obwera n'kubwerera, wa sikelo ya ana, wa amayi oyembekezera, wa kochirira, wa ma ARV, wa TB. Kalaliki wa ziwerengero amawerenga zonsezi n'kulemba lipoti la pamwezi, pomwe woyang'anira za miliri amalemba la pamlungu. Malipotiwa amapita ku ofesi ya zaumoyo ya boma lathu, kwa a DHO, ndipo akalowa m'kompyuta amaonekanso ku Lilongwe, ku Unduna wa Zaumoyo ndi ku Public Health Institute of Malawi, kapena kuti PHIM, bungwe limene limatsogolera ntchito yolondoloza miliri.

Nkhani ikakhala yoti ingadutse malire a dziko, malamulo a zaumoyo a dziko lonse lapansi a 2005 amafuna kuti boma lidziwitse bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi la WHO pasanathe maola 24 litaunika kuopsa kwake.

Muona kuti njira yonseyi yatsamira pa munthu woyamba uja. Akalemba "Blantyre" pamalo poti alembe dera lenileni, palibe makina a ku Lilongwe amene angakonze. Akuluakulu anati konza kapansi kuti kam'mwamba katsike.

DHIS2 imene mumaitchula kawirikawiri n'chiyani?

Ndi pulogalamu ya pa intaneti yosungira ndi kusanthula ziwerengero za zaumoyo. Inapangidwa motsogozedwa ndi yunivesite ya Oslo ku Norway, ndi yaulere, ndipo mayiko ambiri a mu Africa ndi Asia amaigwiritsa ntchito. Kuno kwathu inakhala nkhokwe ya dziko lonse kuyambira cha m'ma 2012. Pamwamba pake panamangidwanso zina: iCHIS, imene alangizi amalemberamo pa foni kapena pa tabuleti ali kumudzi, ndi One Health Surveillance Platform, yolondoloza miliri, imene inagwira ntchito yaikulu nthawi ya Covid-19, matendawa atapezeka koyamba m'dziko muno pa 2 April 2020.

Nanga IDSR?

Imeneyi si pulogalamu ya kompyuta. Ndi ndondomeko yonena matenda oyenera kulondolozedwa, zizindikiro zake, nthawi yoperekera lipoti ndi chochita likafika. Mayiko a mu Africa anaigwirizana pansi pa WHO mu 1998, ndipo Malawi inayamba kuitsatira mu 2002.

Mtima wa ndondomekoyi ndi wakuti matenda ena sadikira kutha kwa mwezi. Munthu woganiziridwa kolera, chikuku, matenda oumitsa khosi, chiwewe, kafumbata wa khanda, malungo otulutsa magazi, imfa ya mayi pa uchembere, kapena mwana wosakwana zaka 15 amene miyendo kapena mikono yalobodoka mwadzidzidzi, amanenedwa nthawi yomweyo, ngakhale zoyeza zisanatuluke.

Chomalizachi anthu ena ankachiona ngati chotha ntchito, popeza poliyo anali atasowa kwa zaka zambiri. Koma mu February 2022 boma linalengeza kuti mwana wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo wa mtundu wofanana ndi wa ku Pakistan. Mwanayo anafooka mu November 2021. Anadziwika chifukwa wina anatsatira lamulo lotenga chimbudzi cha mwana aliyense wolobodoka, koma zoyeza zinayenda mpaka ku South Africa ndi ku America, ndipo yankho lomaliza linabwera patapita pafupifupi miyezi itatu. Nkhani imodziyi ikuonetsa mphamvu ya ndondomekoyi pamodzi ndi kufooka kwake.

Ngati zonsezi zilipo kale, vuto lili pati?

Vuto ndi lakuti zinabadwa padera, iliyonse ndi mwini wake, ndipo zambiri zinabwera ndi ndalama za opereka thandizo amene ankafuna kudziwa za nthenda imodzi. A ma ARV ali ndi makina awo ogwira ndi chala pagalasi, a mtundu umene unayambitsidwa ndi bungwe la Baobab Health ku chipatala cha Kamuzu Central kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000. A TB ali ndi makaundula awo. A katemera ali ndi awo. Labotale ili ndi makina ake, mankhwala amawerengedwa m'pulogalamu ya OpenLMIS. Iliyonse payokha ndi yabwino, ndipo ya ma ARV yapulumutsa anthu osawerengeka. Koma munthu mmodzi amakhala ndi nambala zinayi, ndipo namwino mmodzi amalemba chinthu chimodzi katatu pomwe mzere wafika panja.

Chachiwiri, malipoti ambiri amanyamula chiwerengero chokha: odwala m'mimba akuti mwezi uno. Zimenezo n'zothandiza pokonza bajeti. Pa mliri timafuna mndandanda wa munthu mmodzimmodzi: zaka zake, komwe amagona, tsiku limene anayamba kudwala, komwe amatunga madzi, ngati anapita kumaliro.

Chachitatu n'chooneka chaching'ono, koma ndi chimene chimatigonetsa mochedwa. Mmodzi wa ife, mkati mwa mliri wa kolera, anakhala mpaka usiku akufananiza ndi pensulo mapepala ochokera malo atatu. Anapeza bambo mmodzi atalembedwa katatu: kwina dzina lake lili ndi l, kwina lili ndi r, kwina analemba mfunda m'malo mwa dzina la bambo ake. Pa pepala lomwelo panali mayi amene anatumizidwa ku chipatala chachikulu koma osaoneka m'kaundula wa kumeneko. Anachira? Anamwalirira panjira? Anabwerera kunyumba kukadwalitsa ena? Zinatenga masiku awiri kuti adziwe. Zipatala nazonso zimalembedwa mayina osiyana m'makina osiyana, n'chifukwa chake Unduna unakhazikitsa kaundula mmodzi wa zipatala zonse, chilichonse ndi nambala yake. Ntchito yotere siimveka pa wailesi, koma ndi imene imapangitsa kuti makina awiri amvane.

N'chifukwa chiyani mumati Blantyre ndi yovuta kuposa maboma ena?

Chifukwa ilibe chipatala cha boma lake ngati momwe Thyolo kapena Chiradzulu zilili nazo. Wodwala akakanika ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa, Chilomoni kapena Limbe, amapita ku Queen Elizabeth Central Hospital, Gulupu wathu uja amene anatsegulidwa mu 1958, yemwenso amalandira odwala otumizidwa kuchokera m'maboma ena a kummwera. Zipatala zing'onozing'ono zili pansi pa a DHO, pomwe Gulupu ali ndi utsogoleri wake. Zinyalala ndi misika ya mumzinda zili m'manja mwa khonsolo ya mzinda, madera a kumudzi ali ndi khonsolo yawo. Wodwala mmodzi amadutsa m'manja mwa maofesi angapo tsiku limodzi.

Onjezanipo kuyenda kwa anthu. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 800,000 mumzinda wokha, koma masana chiwerengerochi chimakwera ndi obwera pa minibasi kuchokera ku Lunzu, Chiradzulu, Thyolo ndi Chikwawa. Pali bwalo la ndege la Chileka, pali malole olowera pa chipata cha Mwanza. Nthenda imene yayamba kwina imafika kuno isanathe sabata.

Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unakuphunzitsani chiyani?

Unayamba mu March 2022 ku Machinga, namondwe Ana atangowononga zitsime ndi zimbudzi kummwera, ndipo namondwe Gombe anatsatira mwezi womwewo. Ambiri tinkayembekezera kuti mvula ikatha uzilala, monga zimakhalira zaka zina. Sunazilale. Unapitirira chilimwe chonse, unafika kumpoto m'mbali mwa nyanja, kenako unakuta maboma onse. Pa 5 December 2022 boma linalengeza kuti ndi ngozi ya zaumoyo, ndipo mu January 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Odwala anapitirira 58,000 ndipo omwalira anapitirira 1,700. M'mbiri ya dziko lino simunakhalepo kolera woopsa chotero.

Kolera akathandizidwa bwino sayenera kupha munthu mmodzi mwa 100 aliwonse. Ife tinataya pafupifupi atatu. Ambiri anafika mochedwa, ena anamwalirira kunyumba, ndipo imfa ya kunyumba ndi imene imachedwa kwambiri kulowa m'kaundula. Banja limaika maliro mwa mwambo, anthu asambitsa thupi, adyera pamodzi, ndipo patapita masiku atatu odwala atsopano ayamba kufika kuchokera pa siwa yomweyo.

Tinaphunzira zinthu ziwiri. Choyamba, lipoti la dera loyandikana nalo ndi lathunso; chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Chachiwiri, uthenga wa mafumu, a mipingo ndi adzukulu ndi wolemera ngati wa dokotala, ndipo uyenera kukhala ndi khomo lolowera m'makina athu.

Nanga namondwe Freddy? Kugumuka kwa phiri kukukhudzana bwanji ndi makaundula?

Freddy anafika mu March 2023, kolera asanathe. Matope ndi miyala zinatsika phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera ozungulira, ndipo pa 13 March boma linalengeza kuti kummwera kwagwa ngozi. M'dziko lonse anthu opitirira 600 anatsimikizika kuti amwalira, opitirira 500 anasowa, ndipo opitirira 650,000 anasiya nyumba zawo. Sukulu ndi matchalitchi zinasanduka misasa.

Amene tinali pano tikukumbukira abale akuyenda wapansi kuchokera kumsasa kupita ku wodi, kuchoka ku wodi kupita ku mochale, kufunsa dzina limodzi. Oyang'anira misasa anali ndi mndandanda wawo, chipatala chinali ndi wake, apolisi ndi awo. Aliyense ankagwira ntchito ndi mtima wonse, ena osagona masiku angapo, koma mindandandayo sinapangidwe kuti izikumana.

Panalinso vuto lina limene silinkaoneka pa zithunzi. Madzi anatenga mabuku a kuchipatala pamodzi ndi mabotolo a mankhwala. Mumsasa muli munthu wa ma ARV amene sakufuna kunena pagulu, wa TB amene watsala ndi miyezi iwiri kuti amalize, wa shuga, wa BP, mwana wa khunyu, mayi woyembekezera wa miyezi isanu ndi inayi amene anauzidwa kuti adzachire ndi opaleshoni. Namwino wobwera kumsasa amafunsa kuti, "Mumamwa mankhwala anji, mayi?" Yankho limakhala lakuti, "Oyera aja, aang'ono." Komwe mbiri ya munthu inali m'kompyuta ndipo wina anatha kuifikira, mankhwala oyenera anapezeka msanga. Komwe inali m'kabuku kokha, zinadalira kukumbukira kwa munthu amene wangotaya nyumba, mwinanso mwana.

N'chifukwa chake timalimbikira kuti kaundula wa kumsasa, amene amayendetsedwa ndi makhonsolo ndi nthambi yoona za ngozi ya DoDMA, azikhala ndi mafunso ochepa a zaumoyo ogwirizana kale ndi a chipatala, ndipo mapepala ake asindikizidwe mvula isanayambe. Fomu yopangidwa madzi atalowa kale m'nyumba imatuluka yosiyana pa msasa uliwonse.

Magetsi ndi netiweki zikapita, makina anuwo amathandizanso chiyani?

Funso ili ndi loona, ndipo amene amalifunsa sitimawatsutsa. Namondwe Ana mu January 2022 anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yaitali. Nthawi ya Freddy madera ambiri anakhala mumdima masiku angapo. Ngozi imazimitsa makina pa nthawi imene tikuwafuna kwambiri.

Choncho pepala silichoka. Chofunika n'chakuti fomu ya papepala ndi ya m'kompyuta zikhale ndi mafunso ofanana, kuti magetsi akabwera kulowetsa kukhale kosavuta. Mapulogalamu a pa foni monga iCHIS amalola kulemba popanda netiweki, n'kutumiza ikapezeka. Sola yotchajira mafoni pa chipatala chaching'ono ndi yofunika ngati firiji ya katemera. Ndipo nthenda yonenedwa nthawi yomweyo imanenedwa ndi pakamwa pa foni, kapena ndi munthu wa pa njinga, fomu izitsatira pambuyo.

Magulu a WhatsApp atithandiza kwambiri kuchenjezana. Koma WhatsApp si kaundula: uthenga umakwiririka, foni imabedwa, ndipo dzina kapena chithunzi cha wodwala sichiyenera kuponyedwa pagulu.

Bwanji kuchipatala amandifunsa kwambiri za komwe ndimakhala?

Chifukwa ku Mbayani, Bangwe, Chirimba kapena Ndirande nyumba zambiri zilibe nambala. Kuti mlangizi akafike pakhomo panu ndi klorini, amafuna dzina la mfumu kapena mkulu wa buloko, ndi chizindikiro: kuseri kwa chigayo, kumunsi kwa mzikiti, pafupi ndi kiyosiki ya madzi.

Palinso msampha wa chiyankhulo chathu. Munthu akafunsidwa kuti "Kwanu n'kuti?" amayankha mwaulemu kuti ku Ntcheu kapena ku Mulanje, n'kutchula mudzi ndi mfumu yaikulu, chonsecho wakhala ku Chilomoni zaka khumi. Wodwalayo amawerengedwa ku boma limene sanapondeko chaka chonse. Timaphunzitsa olemba kuti azifunsa kuti, "Sabata ino mwakhala mukugona kuti?" Inunso mukafunsidwa, nenani komwe mumagona, ndipo ngati munayenda ulendo kapena munali kumaliro, tchulani.

Makina akalumikizana, kodi matenda anga sadziwika kwa aliyense?

Mantha amenewa ndi omveka, makamaka kwa amene akumwa ma ARV kapena amene abwana awo sadziwa za matenda awo. Malipoti ambiri okwera kumtunda amanyamula ziwerengero zopanda mayina. Mndandanda wa mayina wa pa mliri umaonedwa ndi anthu ochepa amene akulondoloza odwalawo, ndipo aliyense amalowa m'makina ndi dzina lake ndi nambala yake yachinsinsi. Kulumikiza kwabwino sikutsegula zonse kwa onse: a zanyengo safunika dzina lanu, a madzi amafunika dera lokha. Dziko lino lilinso ndi lamulo la 2024 loteteza uthenga wa munthu, ndipo bungwe la MACRA ndi limene linapatsidwa udindo woliyang'anira.

Tinene zoona: chinsinsi chimatayika kawirikawiri kudzera mwa anthu, osati makina. Kaundula wosiyidwa patebulo, nambala yachinsinsi yobwerekana, kuyankhula mokweza pakhonde. Zotere zikakuchitikirani, kadandauleni kwa woyang'anira chipatala kapena ku komiti ya chipatalacho. Anthu akasiya kutikhulupirira amapereka mayina abodza, ndipo zonse zimene tafotokoza pamwambapa zimagwa.

Bwanji osangogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika?

Chingathandize kuthetsa vuto la munthu wolembedwa katatu lija. Kalembera wamkulu wa ziphaso anachitika mu 2017 pansi pa National Registration Bureau. Koma chiphasochi chimaperekedwa kwa a zaka 16 kupita m'tsogolo, pomwe odwala athu ambiri ndi ana, ndipo pa ngozi chiphaso chimapita ndi madzi limodzi ndi kabuku. Maganizo athu ndi akuti nambala yake ilembedwe pamene ilipo, koma wodwala asabwezedwe chifukwa choti alibe.

Zipatala za mishoni ndi zolipira zimaperekanso malipoti?

Ndondomeko ya IDSR imakhudza chipatala chilichonse, chaboma, cha CHAM (bungwe la zipatala za mishoni) monga Mlambe ku Lunzu, kapena cholipira. Povuta ndi pa timakiliniki ta m'makwalala ndi mashopu a mankhwala, kumene anthu ambiri a mutauni amayambira akadwala. Wogulitsa amene waona kuti sabata ino anthu akugula thanzi ndi mankhwala a m'mimba modabwitsa amadziwa za mliri ife tisanadziwe. Chimodzimodzi asing'anga ndi abusa opempherera odwala. Kuwadzudzula sikunatithandizepo. Kuwapatsa nambala ya mlangizi wa dera lawo, n'kuwathokoza akaimba, ndi kumene kumathandiza.

Zotsatira za ku labotale zimalowa bwanji m'nkhani imeneyi?

Zoyeza zambiri zochokera m'zipatala zing'onozing'ono zimanyamulidwa pa njinga zamoto, ntchito imene bungwe la Riders for Health ladziwika nayo. Kupita zimapita. Chovuta ndi kubwerera kwa yankho kwa amene anatumiza, litalumikizidwa ndi wodwala woyenera. Yankho lofika wodwala atatuluka kale, lopanda nambala yomupezera, silithandiza iye kapena oyandikana naye.

Blantyre ili ndi chitsanzo chabwino cha zimene labotale yolondoloza mosadukiza ingachite. Kuyambira 1998, magazi a odwala otentha thupi ku Gulupu akhala akuyezedwa mothandizana ndi bungwe lofufuza la Malawi-Liverpool-Wellcome. Chifukwa cha kaundula wa zaka zambiriyu, zinaoneka kuti kuyambira 2011 tayifodi wosamva mankhwala akale wachuluka kwambiri mumzinda. Uthengawo unatsegula njira ya kafukufuku wa katemera amene anayamba mu 2018 ku Ndirande ndi Zingwangwa, pa ana pafupifupi 28,000, ndipo mu May 2023 katemera wa tayifodi anaperekedwa m'dziko lonse. Popanda kulemba tsiku ndi tsiku pa zaka zimene kunalibe chachilendo, palibe akanadziwa kuti chachilendo chayamba.

A zanyengo, a madzi ndi a ziweto akubwera bwanji pa nkhani ya chipatala?

Likulu la nthambi ya zanyengo lili konkuno ku Blantyre, ndipo chenjezo lawo limatuluka masiku angapo namondwe asanafike. Masiku amenewo ndi okwanira kusuntha mankhwala, kuuza a ma ARV kuti adzatengeretu, ndi kusamutsira amayi oyandikira kuchira pafupi ndi chipatala, ngati chenjezolo lafika pa tebulo la woyang'anira chipatala ndipo iye akudziwa chochita nalo.

Madzi ambiri a mumzinda amapopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire. Mipopi ikauma, anthu amatsikira ku Mudi, ku Nasolo, ku Naperi ndi ku zitsime zosatetezedwa. Kolera amaonekera pakati pa maola ochepa ndi masiku asanu munthu atamwa madzi oipa. Choncho uthenga wakuti dera lakuti likhala lopanda madzi ndi uthenga wa zaumoyo.

Za ziweto, taganizani za chiwewe. Galu woluma ana ku Chirimba amadziwika ndi a ziweto, ana olumidwa amadziwika ndi chipatala. Kuyambira 2015 bungwe la Mission Rabies lakhala likubaya agalu katemera mu Blantyre, ndipo ntchito yotere imayenda bwino pamene mbali ziwirizi zikuuzana komwe kwalumidwa anthu.

Kulumikiza kungathetse kusowa kwa mankhwala?

Sikungabweretse mankhwala amene sanagulidwe. Kungathandize kuti amene alipo apite koyenera. Munthu wamkulu wa makilogalamu 60 amene watha madzi ndi kolera amafunika malita 6 a diripu m'maola atatu oyambirira. Odwala khumi otero ndi malita 60 usiku umodzi. Ngati woona chiwerengero cha odwala akuonanso zimene zili m'sitolo ya chipatala chilichonse ndi ku nkhokwe ya mankhwala ya boma ya Central Medical Stores, atha kutenga makatoni komwe akungokhala n'kupititsa komwe atha, galimoto imodzi, tsiku lomwelo.

Uthenga uyenera kuyenda mofulumira bwanji?

Muyezo umene mayiko ambiri akutsatira tsopano umatchedwa 7-1-7: mliri uzindikirike pasanathe masiku 7 chiyambireni, unenedwe kwa akuluakulu pasanathe tsiku limodzi, ndipo ntchito zoyambirira zothana nawo zikhale zitachitika pasanathe masiku 7. Ubwino wake ndi woti mliri ukatha mumatha kukhala pansi n'kuona pamene panachedwa. Pa kolera mumzinda wothithikana ngati uno, ife timaona kuti masiku 7 ndi ambiri. Onani yankho la funso loyamba.

Ndine mlangizi. Ndimatumiza malipoti mwezi ndi mwezi koma sindimva kanthu. Alipo amene amawerenga?

Dandaulo ili timalimva pa maphunziro alionse, ndipo ndi lolungama. Mumayenda mapiri a Bangwe ndi Soche wapansi, nthawi zina mumagula bandulo ndi ndalama ya m'thumba mwanu, kenako lipoti limalowa ngati mwala woponyedwa m'dziwe. Uthenga woyenda njira imodzi umafa, chifukwa wotumiza amatopa n'kuyamba kungodzaza mabokosi.

Amawerengedwa, inde, koma kuwerenga kokha sikukwanira. Muli ndi ufulu wopempha kuti pa msonkhano wa pachipatala panu muzionetsedwa ziwerengero za dera lanu poyerekeza ndi miyezi yapita ndi madera oyandikana nawo. Jambulani pa pepala lalikulu odwala m'mimba sabata ndi sabata, mupachike pakhoma. Mzere ukayamba kukwera mudzauona ndinu, Lilongwe isanaone.

Ndipo sabata imene simunapeze wodwala aliyense, tumizanibe lipoti lolemba 0. Kwa ife, 0 amatanthauza kuti mwayang'ana ndipo kulibe. Bokosi lopanda kanthu silitiuza ngati kuli bwino kapena ngati mlatho wakokoloka ndipo inu mwatsekeredwa tsidya lina ndi odwala.

Ndaona zachilendo m'dera lathu. Ndiuze ndani, ndipo ndinene chiyani?

Uzani mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu kapena chipatala chapafupi tsiku lomwelo, ndipo a mfumu kapena mkulu wa buloko adziwenso. Mukhozanso kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni, ntchito imene inayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano ili m'manja mwa Unduna. Musadikire kuti mutsimikize. Kutsimikiza ndi ntchito yathu.

Zoyenera kunena ndi monga izi: anthu awiri kapena kuposerapo a nyumba imodzi, sukulu imodzi kapena amene anadya pamodzi adwala mofanana, munthu wamkulu akutsegula m'mimba mwa madzi okhaokha, wina wamwalira mwadzidzidzi atadwala maola ochepa, mwana watuluka zidzolo thupi lonse ndi kutentha thupi, mwana wasiya kuyenda mwadzidzidzi, galu waluma anthu angapo, nkhuku, nkhumba kapena ng'ombe zikufa zambiri, paipi ya zonyansa yaphulika pafupi ndi potunga madzi.

Poimba, tchulani komwe kuli odwalawo ndi chizindikiro chowapezera, ndi angati, anayamba liti, ndi nambala yoti tikuimbireninso. Wotsegula m'mimba muyambe kumumwetsa thanzi muli panjira yopita kuchipatala, ndipo ngati kabuku kake kalipo, katengeni.